Kodi direktori wamwamuna athandize bwanji mphunzitsi wamkazi?

M'masukulu a kumidzi kuno ku Angónia ndi Tsangano, ngakhalenso ku Mandimba ndi Milange, aphunzitsi aakazi alipo ndithu. Koma mukalowa mu ofesi ya direktori, kawirikawiri mupezamo mwamuna. Popeza makiyi ali m'manja mwa amuna, kodi direktori wamwamuna ali ndi udindo wokonzekeretsa mkazi kuti adzakhale pampandowo?

Ine ndikuti ali nawo. Udirektori suphunziridwa m'kalasi mokha. Munthu amaudziwa poona mmene amalembera lipoti lopita ku ofesi ya maphunziro ya distritu, mmene amagawira maola kwa aphunzitsi, mmene amawerengera ndalama za ADE pamaso pa makolo. Zimenezi amuna amaphunzitsana okhaokha, pa njinga yamoto popita kumsonkhano wa ZIP, kapena poceza madzulo. Nthawi imeneyo mphunzitsi wamkazi amakhala ali kunyumba, mwana kumsana, mphika pamoto. Mpando ukapezeka timati akazi sadziwa nchitoyi, pamene palibe anawaonetsa.

Koma pali cobvuta. Direktori akayamba kuitana mphunzitsi wamkazi ku ofesi, mudzi umayamba manong'onong'o. Mwamuna wa mayiyo amamva, mkazi wa direktori amamvanso. Mayiyo akakwezedwa, amati wagula mpando ndi thupi. Tisanamizane, mphekeserazi zili ndi pocokera: alipo amuna amene amasandutsa thandizo kukhala ngongole yobweza mumdima. Tsono direktori wa khalidwe amaopa, n'kuleka kuthandiza. Kulekako kumaoneka ngati kudzisunga, koma taonani amene waluza. Mbiri ya bamboyo yatetezeka, njira ya mayiyo yatsekeka.

Mwambo wathu uli ndi yankho. Kwathu kuno mlongo kapena malume amakhala nkhoswe ya mbumba. Amalangiza, amaimirira pamlandu, ndipo amacita zonsezi pabwalo, anthu akuona. Sayembekeza malipiro kwa alongo ake, ndipo munda umakhalabe wa mayiyo. Direktori akhale nkhoswe yotere. Alangize masana, citseko cili cotsegula, aphunzitsi awiri kapena atatu pamodzi. Amusiyire mayiyo kutsogolera msonkhano wa makolo, iye akhale pambali. Lipoti limene mayiyo walemba lipite ndi dzina lake. Kholo likabwera n'kunena kuti likufuna kuyankhula ndi abambo, direktori ayankhe kuti zimene anena amayiwa ndi zomwezo.

Amene amakayikabe akumbukire kuti mu 1975, dziko litangolandira ufulu, unduna wa maphunziro unapatsidwa kwa mayi Graça Machel. Mayi Luísa Diogo, mwana wa cigawo ca Tete, anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Ngati mkazi anayendetsa masukulu onse a Mozambique, sukulu ya zipinda zisanu ingamukanike bwanji?

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Koma direktori asathandize n'colinga coti azidzagwadiridwa. Tsiku lidzafika loti mayi uja adzamutsutse pamsonkhano, kapena apatsidwe sukulu yaikulu kuposa yake. Akadzakwiya, ndiye kuti ankaweta womutumikira. Akadzakondwa, ndiye kuti analidi nkhoswe, ndipo atsikana a m'kalasi adzakula akudziwa kuti ofesi ija amalowamonso ndi amayi.