Damu Ndi Langa, Nanga Moyo wa Okhala Kumunsi?

Munthu akaunjika dothi pamtsinje kuti asunge madzi amachita chanzeru. Damu limagwira madzi a dzinja kuti m'chilimwe ziweto zimwe ndi madimba athiriridwe, ndiponso limachepetsa ukali wa madzi osefukira. Koma funso nali: kodi mwini damu angathe kuchita nalo monga afunira, pamene kumunsi kwake kukugona anthu?

Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kunali damu ladothi lotchedwa South Fork. Boma linatsiriza kulimanga mu 1853 kuti lizipereka madzi ku ngalande zoyendamo mabwato. Njanji itabwera linagulitsidwa, mpaka linafika m'manja mwa kalabu ya anthu olemera okonda kuwedza ndi kusaka. Ena mwa iwo anali Andrew Carnegie ndi Henry Clay Frick. Mapaipi okhuthulira madzi anali atachotsedwa kale, ndipo eni atsopanowo sanawabwezeretse. Anafupikitsa khoma kuti ngolo zizidutsa bwino pamwamba pake, natchinga potayira madzi ndi sefa zachitsulo kuti nsomba zisathawe. Pa 31 Meyi 1889, itagwa mvula yoopsa, khomalo linagumuka. Madzi anathamanga mamailosi 14 nakokolola mzinda wa Johnstown, ndipo anthu 2,209 anafa. Kumakhothi kalabuyo sinalipitsidwe kanthu. Ngoziyo inayesedwa ntchito ya Mulungu.

Apa mpamene tiyenera kuganizira mozama. Mvula sitiilamula, nzoona. Koma kodi ndi Mulungu amene anasiya damu lopanda mapaipi? Ndi Iye anatchinga njira ya madzi? Eni akewo sanafune kupha munthu, komabe anakonda nsomba zawo koposa chitetezo cha anthu amene sankawadziwa. Pali tchimo lochita choipa, palinso tchimo losachita chimene tinayenera kuchita. Lachiwirili limabisala bwino, pakuti ming'alu imakula mwakachetechete.

Kukhala ndi chuma chakochako si kulakwa. Koma umwini uli ndi malire, ndipo malirewo ndi moyo wa mnzathu. Nchifukwa chake buku la Deuteronomo (22:8) limalamula womanga nyumba kuti atchinge m'mphepete mwa denga, kuopa kuti wina angagwe. Denga ndi lake, koma wogwayo angakhale mlendo. Chimodzimodzinso damu: khoma ndi la mmodzi, koma likagumuka maliro ndi a mudzi wonse.

Tisayese kuti izi nzakale. Pa 9 Meyi 2018 damu ladothi la pafamu ina ku Solai, m'dziko la Kenya, linaphulika usiku ndi kupha anthu 48.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Tsono yense wosunga madzi kumtunda ayendere khoma lake mvula isanayambe, alambule potayira madzi, azule mitengo yomera pakhoma, amvere anansi akamadandaula za kudontha. Ndipo ife tonse tidzifunse m'banja mwathu: kumunsi kwa zimene timati "nzanga" kukugona yani?