Kodi Mawu a Womwalira Ndi a Yani? Nkhani ya Ndakatulo za Wilfred Owen

Wilfred Owen, mlakatuli wa ku England, anaphedwa pa 4 November 1918 pamene gulu lake la asilikali linkayesa kuwoloka ngalande ya Sambre-Oise ku France, kutangotsala sabata imodzi kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ithe. Anali ndi zaka 25. Ali moyo, ndakatulo zake zosindikizidwa zinali zowerengeka chabe. Zambiri anazisiya pamapepala odzaza zofufuta, pena mzere umodzi utalembedwa kawiri kapena katatu, mwini wake asanasankhe woti ukhale. Motero aliyense wowerenga Owen lero amawerenga zimene anthu ena anasankha m'malo mwake, ndipo apa pali funso lovuta: munthu akamwalira, ndani ali ndi mphamvu yomaliza mawu ake?

Anayamba ntchitoyi ndi alakatuli anzake. Edith Sitwell anaika ndakatulo zisanu ndi ziwiri m'buku lake la chaka ndi chaka lotchedwa Wheels mu 1919, ndipo mu 1920 panatuluka kabuku ka ndakatulo 23 kokhala ndi mawu oyamba a Siegfried Sassoon. Sassoon sanali mlendo pamapepalawa. Awiriwa anadziwana mu 1917 kuchipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh, ndipo papepala la ndakatulo ya Anthem for Doomed Youth pamaonekabe pamene Sassoon anakonza ndi dzanja lake. Komatu nthawi imeneyo Owen analipo, ndipo ankatha kuvomera kapena kukana. Atamwalira, panalibenso wokana. Edmund Blunden mu 1931 ndi C. Day Lewis mu 1963 anatulutsa mabuku okulirapo, aliyense ndi zosankha zake.

Nkhani imakula ikafika kwa abale, chifukwa iwo ankachita zinthu mwachikondi komanso ali pachisoni. Mayi ake, Susan Owen, anatentha thumba la mapepala monga mwana wawo anawapempha. Mng'ono wake Harold anadula ndi kudetsa ndi inki mbali zina za makalata asanawatulutse mu 1967, pofuna kusunga mbiri ya banja. Zimene anadulazo sizidzabwereranso.

Chitsanzo choonekera kwambiri chili pamanda ake ku Ors, ku France. Mayi ake anasankha mawu a pamwala kuchokera m'ndakatulo ya The End, imene imafunsa ngati akufa adzaukadi ndiponso ngati imfa idzathetsedwa. Owen analemba zimenezi ngati mafunso, ndipo ndakatuloyo imapitirira ndi yankho lopanda chiyembekezo. Pamwalapo mawu anadulidwa pakati, chizindikiro cha funso lachiwiri chinasiyidwa, mwakuti kukayika kwa mwana kunasanduka chikhulupiriro cha mayi. Palibe angawadzudzule mopepuka mayi amene analandira uthenga wamaliro pa 11 November, mabelu a kwawo ku Shrewsbury akulira pokondwerera mtendere. Komabe mwalawo ukunena zimene Owen sananene. Iye anakulira m'banja lopemphera, anathandizapo m'busa ku Dunsden, ndipo kukayika kwake kunayamba ali komweko, asanapite kunkhondo kumene anaona mitembo ndi maso. Kumuchotsera kukayikako ndi kumulanda umboni.

Pamenepa pali maudindo awiri osagwirizana nthawi zonse: kutonthoza otsala ndi kunena zoona za amene wapita. Wachibale angasankhe kutonthoza. Mkonzi alibe ufulu umenewo, popeza wowerenga amamukhulupirira kuti mawu ali patsambawo ndi a mwini wake. Pamene mlakatuli sanamalize, mkonzi ayenera kuonetsa kuti sipanamalizidwe.

Njira imeneyi ndiyo anatsata Jon Stallworthy mu 1983, m'mabuku awiri a The Complete Poems and Fragments. Anaika ndakatulozo pamodzi ndi zidutswa zosatha, naonetsanso mawu amene Owen anafufuta, kuti wowerenga adzionere yekha pamene mlakatuli anasankha ndi pamene anasankha ndi mkonzi.