Mlandu suwola

Mlandu suwola. Nkhani yosaweruzidwa imangogona, tsiku lake likakwana imadzuka.

Chipani cha Democratic ku America chinaziona mu 2008. Madera a Michigan ndi Florida anachita zisankho zachipulula mu Januwale, nthawi yololedwa isanakwane, ndipo chipani chinawalanda nthumwi zonse za kumsonkhano wosankha woimira chipanicho pa mpando wa pulezidenti. Ambiri ankayesa kuti wopambana adziwika msanga, nkhaniyo n'kufera pomwepo. Koma Barack Obama ndi Hillary Clinton anapanikizana mpaka Meyi, mlandu uja n'kutulukira uli wauwisi.

Ku Michigan n'kumene kunavuta, poti Obama anali atachotsa dzina lake papepala lovotera. Pa 31 Meyi komiti ya malamulo a chipani inagamula kuti nthumwi zonse zilowe, koma iliyonse ndi theka la voti. Za ku Michigan anazigawa: Clinton 69, Obama 59, ngakhale dzina lake silinali papepala. Otsatira Clinton anakwiya, ndipo n'zomveka, chifukwa pofika tsikulo aliyense ankadziwa amene chigamulocho chimukomere. Woweruza akachedwa chonchi, ngakhale wachilungamo amaoneka wokondera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amene anasuntha tsiku lovota ndi atsogoleri, koma chilango chinagwera anthu wamba amene anakaima pamzere. Nkhaniyi inafunika kuithetsa voti yoyamba isanaponyedwe.