Kodi Chikhululukiro Chimapemphedwa pa Kanema?

Amayi anzathu, m'chaka cha 2022 a Matt Hancock, amene adali nduna ya zaumoyo ku Britain pa nthawi ya Covid-19, adapita kunkhalango ya ku Australia kukachita nawo pulogalamu ya pa wailesi ya kanema yotchedwa I'm a Celebrity. Bambowa adatula pansi udindo mu 2021 atajambulidwa akupsompsona mayi wogwira naye ntchito, kuphwanya malamulo otalikirana amene iwo omwe ankauza anthu kuti atsatire.

Kunkhalangoko adadya zonyansa dziko lonse likuonerera, nanena kuti akufuna kukhululukidwa. Oonera adawavotera mpaka kukhala achitatu, ndipo adalipidwa mapaundi 320,000.

Ife timaphunzitsana kukhululuka, ndipo mwina adalapadi. Paja mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Komabe chikutivuta n'chakuti ovota ambiri si amene adalakwiridwa. Kodi munthu amene wangosangalatsidwa pa kanema angakhululuke bwanji m'malo mwa mayi amene sadaloledwe kukatsanzikana ndi mwamuna wake m'chipatala? Mabanja ena a omwalira adaulutsa kandege pamwamba pa nkhalangoyo, kakukoka nsalu yowauza bambowa kuti achokemo.