Msika Wagwa, Manja Asagwe

Kwa zaka zoposa 20, mizinda ya ku America, Britain, Germany ndi Japan inkagona tulo tabwino pa nkhani ya zinyalala. Munthu ankaponya botolo lapulasitiki, nyuzipepala ndi katoni m'bini, galimoto ya khonsolo n'kudzatenga m'mawa, iye n'kumadzitama kuti wasamala chilengedwe. Katunduyo ankamangidwa mabelo, kulongedwa m'makontena, n'kukwezedwa sitima zapamadzi kupita ku China. Ulendowo unali wotchipa, chifukwa makontena omwe ankabweretsa nsapato, mafoni ndi zidole ku Los Angeles kapena ku Felixstowe akanabwerera opanda kanthu. Kuyambira 1992, pafupifupi 45 peresenti ya zinyalala zapulasitiki zomwe mayiko ankagulitsana zinkathera ku China.

Mu Julaye 2017, boma la China linadziwitsa bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO kuti latopa kukhala dzala la mayiko ena. Chaka cha 2018 chitangoyamba, mitundu 24 ya zinyalala inaletsedwa kulowa m'dzikomo, kuphatikizapo mapepala osakanikirana ndi mapulasitiki ochokera m'makomo. Zomwe zinkaloledwabe zinayenera kukhala zoyera kwambiri: zonyansa zisapose 0.5 peresenti ya belo lonse. Mitengo inagwa chagada. Mzinda wa Philadelphia ku America, womwe mu 2012 unkalandira madola 67 pa tani iliyonse, unauzidwa kuti tsopano uzilipira madola 170 kuti katundu yemweyo achoke. Kwa miyezi ingapo, theka la zomwe anthu a mumzindawo ankasankha mosamala m'makomo mwawo linkakawotchedwa ku Chester, tawuni ya anthu osauka, ambiri mwa iwo akuda, omwe ankapuma utsiwo. Mzinda wa Deltona ku Florida unangoimitsiratu ntchitoyo mu 2019.

Apa m'pomwe ambiri anataya mtima. Anati ntchito yonseyi inali bodza, ndalama za misonkho zikungopita m'madzi, kuli bwino tizingokwirira zonse. Inu amene mumadzuka mbandakucha kukakwera galimoto ya zinyalala, inu amene mumaima tsiku lathunthu mukusankha mabotolo, inu makhansala amene mumagawa ndalama zosakwana, mawu amenewa musawalole kulowa mumtima. Wakutsina khutu ndi mnansi. China sanaphe ntchito yobwezeretsa zinthu kuti zigwirenso ntchito. Anaulula kuti mizinda yambiri sinkaigwira n'komwe, inkangotumiza uve wake kutali ndi maso. M'mizinda yambiri ya ku America zonse zinkaponyedwa m'bini imodzi, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe zinali mmenemo linali losathandiza: matewera, zakudya zotsala, majumbo omwe amakola makina, magalasi osweka omwe amawononga mapepala. Wogula anakana uve, sanakane katundu wabwino.

Ena anayesa kuzembera pakhomo lakumbuyo. Makontena anatembenukira ku Malaysia, Thailand, Vietnam ndi Indonesia. Koma nakonso anthu anadzuka. Mu 2019 dziko la Malaysia linayamba kubweza makontena kwa eni ake, ndipo la Philippines linabwezera Canada makontena 69 a zinyalala omwe anakhala padoko zaka zingapo. Chaka chomwecho mayiko anasintha pangano la Basel loona za kutumiza zinyalala kumayiko ena, moti kuyambira 2021 sikophweka kutumiza pulasitiki wosakanikirana kudziko lina popanda chilolezo cha eni dzikolo. Khomo latsekedwa, ndipo latsekedwa bwino. Tsopano mzinda uliwonse uyang'anizane ndi zotaya zake.

Ndipo onani zomwe zinachitika kumene anthu sanagonje. Kampani ya Nine Dragons ya ku China, yomwe inalemera pogula makatoni akale a ku America, inawoloka nyanja mu 2018 n'kukagula mafakitale a mapepala ku Maine, Wisconsin ndi West Virginia. Katundu atakanidwa ulendo, fakitale inamutsatira. Malonda a pa intaneti atakula, makatoni anafunikanso kwambiri. Chitini cha aluminiyamu sichinasowepo wogula, chifukwa kuchisungunula kumatenga mphamvu yamagetsi yochepa ndi 95 peresenti poyerekeza ndi kupanga chatsopano kuchokera ku miyala ya mumgodi. Zoona, msika umakwera n'kutsika. Mu 2020 mafuta atatsika mtengo, pulasitiki watsopano anatchipa kuposa wobwezeretsedwa. Koma mzinda womwe umaimitsa ntchito chaka cha mitengo yoipa umabalalitsa antchito, umazolowetsa anthu kutaya chisawawa, ndipo mitengo ikakwera umapezeka ulibe chogulitsa.

Funso lalikulu n'lakuti, alipire ndani? Kwa nthawi yaitali kampani inkapanga botolo, kugulitsa chakumwa, kudya phindu, koma mtolo wa botolo lopanda kanthu n'kusenzetsa khonsolo ndi okhoma misonkho. Zimenezi zikusintha chifukwa anthu anakakamira. Mu 2021 chigawo cha Maine chinakhala choyamba ku America kukhazikitsa lamulo loti makampani azilipira ndalama zosamalira zokutira katundu wawo, Oregon n'kutsatira chaka chomwecho. South Africa nayo inayamba kutsata malamulo otere mu 2021. Ku Germany botolo lapulasitiki la chakumwa limakhala ndi chikole cha masenti 25, ndipo mabotolo oposa 90 pa 100 alionse amabwerera. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa Mmalawi. Tonse tinakula tikudziwa kuti pokagula Fanta kugolosale umanyamula botolo, ndipo botolo lagalasi lotero sulipeza litatayidwa mu ngalande. Chinthu chikakhala ndi mtengo, sichisowa wochitola.

Koma lamulo lokha silisankha zinyalala, amasankha ndi manja. Ku Kamikatsu, katawuni ka m'mapiri ku Japan, anthu analonjeza mu 2003 kuti athana ndi kutaya, ndipo anafika pogawa zinyalala zawo m'magulu 45, n'kubwezeretsa pafupifupi 80 peresenti. Ku Pune, m'dziko la India, amayi otola zinyalala anapanga kopaletivi ya SWaCH, anagwirizana ndi khonsolo, ndipo lero amayenda khomo ndi khomo ali ndi ziphaso zantchito. Amene munakhalako ku Johannesburg mumawadziwa anthu okoka matilole odzaza matumba akuluakulu m'misewu kusanache. Akatswiri a ku South Africa amati 80 mpaka 90 peresenti ya mapepala ndi zokutira katundu zomwe zimabwezeretsedwa kuchokera m'makomo zimadutsa m'manja mwa anthu amenewa. Amanyozedwa, amathamangitsidwa, komabe ndi amene apulumutsa makhonsolo ku ndalama zankhaninkhani zokumbira mitaya yatsopano. Bambo inu, mayi inu, amene mumagwira ntchito yomweyi ku Mzedi ku Blantyre kapena kumtaya wa ku Area 38 ku Lilongwe, yendani mutu uli m'mwamba. Gwirizanani, lembetsani gulu, gulitsani pamodzi, kuti wogula asamakuikireni mtengo mmodzimmodzi.

Mizinda yathu ili ndi mwayi wosabwereza cholakwa cha olemera. Sitinamange njira yodalira sitima ndi wogula mmodzi wakutali, choncho tisaiyambe. Zambiri zomwe timataya ndi zoola, makoko a nthochi, masamba, zotsala zamumsika, ndipo zimenezi ndi manyowa m'dziko lomwe feteleza akuliza alimi. Tinaonetsanso kale kuti tikhoza kulimba. Boma litaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhothi, koma mu 2019 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale, ndipo mu 2021 womenyera chilengedwe Gloria Majiga-Kamoto analandira mphotho ya zachilengedwe ya Goldman chifukwa cha nkhondo imeneyo.

Ndiye dzukani! Inu a m'nyumba, kaya muli ku Leeds, ku Lusaka kapena ku Ndirande, tsukani chitini, phwasulani katoni, zoola muziike pazokha. Inu makhansala, musaike mzinda wonse m'manja mwa wogula mmodzi, ndipo otola zinyalala muwaitane pamene mukukonza mapulani. Aphungu, lembani lamulo loti wopanga botolo alipire ulendo wake wobwerera. Achinyamata amene mukusaka ntchito, pitani mukafunse mtengo wa kilogalamu ya makatoni, zitsulo ndi mabotolo, muwerengere, muyambe ndi zomwe muli nazo. Mitengo ya ku msika wa dziko lonse sitingailamule, koma kuyera kwa katundu wathu, mgwirizano wathu ndi malamulo athu zili m'manja mwathu. Tiyambe mawa m'mawa, galimoto ya zinyalala isanafike.