Kumva Anthu Si Kuwerenga Mavoti Chabe

Paliponse pamene anthu akhala pamodzi kwa nthawi, sipachedwa kubuka funso lakuti ndani ali ndi mawu pa malamulo a gululo. Funsoli limamveka mu mphakati, mu kwaya, mu banki mkhonde, ngakhale pa gulu la WhatsApp la anthu amene anaphunzira sukulu imodzi. Atsogoleri amati anthu amangodandaula osadziwa pamene pagona vuto, anthu nawonso amati atsogoleri amangolamula osafunsa. Malo amodzi amene mkanganowu wakhala ukuchitika poyera kwa zaka zoposa 20 ndi masewera a pa intaneti otchedwa RuneScape. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa akhristu, ngakhale amene sanagwirepo masewera otere.

RuneScape inayamba mu Januwale 2001, ndipo imayendetsedwa ndi kampani ya Jagex ya mumzinda wa Cambridge ku England. Wosewera amalowa m'dziko longopeka m'mene amadula mitengo, amawedza nsomba, amakumba miyala, amamenyana ndi zilombo, ndiponso amagulitsana katundu ndi anzake pogwiritsa ntchito ndalama za golide za m'masewera momwemo. Golide ameneyu sangagule ufa kumsika, koma kuti munthu amupeze amataya maola ambirimbiri, ndipo chinthu chodya nthawi ya munthu sichilephera kukhala ndi mtengo. Posakhalitsa ena anayamba kugulitsa golideyo ndi ndalama zenizeni, zimene malamulo a kampani amaletsa. Ena anapanga mapulogalamu osewera okha usana ndi usiku, otchedwa ma bot. Kampani inadandaulanso kuti ambiri mwa ochita malondawa ankalipira umembala wawo ndi makhadi a kubanki akuba.

Pa 10 Disembala 2007 kampani inalengeza mankhwala owawa. Inaletsa kupatsana katundu wosiyana kwambiri mtengo, kuti wogulitsa golide asakhale ndi njira yomuperekera kwa womugula. Inasinthanso dera lotchedwa Wilderness, kumene osewera ankamenyana ndi kulandana katundu momasuka. Cholinga chinali chabwino, koma eni kuseweretsa manja awo sanafunsidwe. Lamulo lofuna kugwira wakuba linamanga ndi osalakwa omwe: mkulu sakanathanso kupatsa mng'ono wake mphatso yooneka, ndipo bwenzi silikanathandiza mnzake amene wataya zonse. Osewera anasonkhana m'mizinda ya m'masewerawo, monga Falador, kuchita zionetsero, ndipo ambiri anangochoka.

Panapita zaka zitatu kuti kampani ivomere kufunsa. Kumapeto kwa 2010 inaitanitsa mavoti, ndipo mwa mavoti oposa 1.2 miliyoni, 91 pa 100 alionse anafuna kuti malonda aufulu ndi Wilderness zibwerere. Zinabwereradi pa 1 Febuluwale 2011. Mu Febuluwale 2013, osewera ataponyanso mavoti, kampani inatsegula masewera a mtundu wakale otchedwa Old School RuneScape, ndipo inalonjeza kuti zinthu zatsopano zizilowamo pokhapokha osewera 75 pa 100 alionse oponya voti atavomereza. Mu 2022 chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 70. Mpaka lero mamembala amafunsidwa za malo atsopano, mphotho ndi zochitika zina zisanakhazikitsidwe.

Phunziro loyamba ndi loonekeratu. Akuluakulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Wolemba lamulo amaona vuto limene akufuna kuthetsa, pamene wokhala pansi pa lamulo ndiye amadziwa pamene likupweteka. Kufunsa anthu si ulemu wongowaonetsa ayi, ndi njira yodziwira zoona zimene mtsogoleri sangazione ali pampando. Mpingo unadziwa zimenezi kale. Benedikito Woyera, m'mutu wachitatu wa malamulo amene analembera amonke zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, analamula kuti pa nkhani zikuluzikulu mkulu wa nyumba aitane onse, ndi achinyamata omwe, chifukwa kawirikawiri Ambuye amaululira wamng'ono chimene chili choyenera. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 212, amanenanso kuti akhristu ali ndi ufulu, ndipo nthawi zina udindo, wouza abusa awo maganizo awo pa zokhudza ubwino wa Mpingo.

Komabe nkhaniyi siyithera pamenepo. Malonda aufulu atabwerera, ma bot ndi ogulitsa golide anabweranso, kotero kuti mu Okutobala 2011 kampani inachita kusesa kwakukulu kuti iwachotse. Oponya voti sanalakwe kufuna ufulu wawo, koma voti sinathetse vuto limene linabala lamulo lija. Inangosankha kuti ndi vuto liti limene anthu akulolera kukhala nalo.

Chitsanzo china ndi bwalo lotchedwa Duel Arena, kumene osewera awiri ankabetcherana chuma chawo asanamenyane. M'kupita kwa nthawi bwalolo linasanduka nyumba ya juga. Woluza ankathamangira kukagula golide ndi ndalama zenizeni kuti abweze zimene wataya, n'kuluzanso. Mu 2022 kampani inachotsa bwalolo mu Old School RuneScape popanda kuponyetsa voti, ponena kuti nkhani zokhudza chilungamo cha masewera siziyendera mavoti. Ena anakwiya nati lonjezo laphwanyidwa. Koma kodi chinthu chimene chikuwononga anthu ofooka chingasiyidwe chifukwa choti ambiri akuchikonda? Mwambi uja wa mwana wolirira nyanga ya nsatsi umagwira ntchito pamene nyangayo ikamufotera mwiniwake yekha. Pamene wolira ndi wina, wovulala ndi wina, mtsogoleri sangabisale kumbuyo kwa chiwerengero. Pilato anafunsa khamu, khamu linayankha, ndipo Barabasi anamasulidwa. Kufunsa kunachitika, chilungamo sichinachitike.

Mbali yovuta koposa ya mbiriyi ikukhudza anthu a ku Venezuela. Chuma cha dzikolo chitagwa ndipo ndalama yawo, bolívar, itatha mphamvu, anthu ambiri kumeneko anayamba kusewera Old School RuneScape ngati ganyu. Ankakhala maola ambiri akupha zilombo za m'masewera, n'kugulitsa golide ndi ndalama zakunja kuti agule chakudya, ndipo ena ankapeza zoposa malipiro a ntchito yolembedwa. Anachuluka moti magetsi atazima pafupifupi m'dziko lonselo mu Malichi 2019, osewera a kumaiko ena anaona mitengo ya katundu wina m'masewerawo ikukwera.

Osewera ambiri a kumaiko olemera anawaona ngati chiswe. Mu 2017 wosewera wina anafika polemba malangizo a momwe angawasakire ku Wilderness, kuwalanda katundu ndi kuwatukwana m'chinenero chawo. Kunena zoona, anthu a ku Venezuela aja ankaphwanya lamulo, ndipo lamulolo lili ndi zifukwa zake, popeza malonda amseri amakopa akuba ndi onyenga. Koma pali china choyenera kuchiganizira. Kuyambira mu 2013 kampani yomweyo imagulitsa zinthu zotchedwa ma bond ndi ndalama zenizeni, ndipo wogula angathe kuzisinthanitsa ndi golide wa m'masewera popanda mlandu. Wokhala ndi ndalama ali ndi khomo lovomerezeka logulira golide, pamene wanjala alibe khomo lovomerezeka logulitsira thukuta lake. Pa zokambirana za mamembala, zimene zimachitika makamaka m'Chingerezi, anthuwa ankatchulidwa kawirikawiri ngati vuto, koma mawu awo sankamveka kwenikweni. Gulu lingathe kudzitama kuti limafunsa aliyense, pamene amene moyo wake wapachikika pa lamulolo waimirira kunja kwa mpanda.

Apa ndi pamene buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, likuunikira bwino. Mu Mpingo woyamba ku Yerusalemu, akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amayi awo amasiye ankaiwalika pa kugawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sananene kuti odandaulawo ndi osokoneza, ndipo sanawerenge kuti okhutira ndi angati, osakhutira ndi angati. Anaitana gulu lonse, nalipempha kuti lisankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Mayina a onse osankhidwawo, kuyambira Stefano ndi Filipo, ndi achigriki, zimene zikusonyeza kuti udindo unaperekedwa kwa anthu a mbali yomwe inalakwiridwa. Dandaulo linamveka chifukwa linali loona, ndiponso chifukwa linkakhudza anthu amene sakanatha kudziyankhulira okha.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera chabe, ndipo golide wongopeka sangalowe m'nkhani za chikumbumtima. Lupanga la m'masewera ndi chithunzi chabe, zoona, koma munthu amene analigwirira ntchito miyezi itatu si chithunzi. Wonyenga mnzake pa malonda a pa intaneti wanama kwa munthu weniweni, ndipo wamulanda nthawi imene sidzabweranso. Malamulo a Mulungu oletsa kuba ndi kunamizira mnzako sanaike malire akuti amagwira ntchito pokhapokha katundu ali wogwirika ndi manja. Chimodzimodzi chipongwe: kutukwana munthu wanjala kumbuyo kwa dzina lobisika ndi kutukwana ndithu. Makolo amene ana awo amasewera pa foni kapena pa kompyuta angachite bwino kuwafunsa, kuwonjezera pa za maola amene atayapo, za momwe amachitira ndi anzawo kumeneko.

Choncho mtsogoleri wa gulu lililonse ali ndi ntchito zingapo zimene sangazilumphe. Afunse lamulo lisanakhazikitsidwe, chifukwa kufunsa pamene zonse zatha ndi kunyoza anthu. Akakana zimene ambiri apempha, afotokoze chifukwa chake poyera, ndipo chifukwacho chikhale kuteteza ofooka, osati kuteteza mpando kapena thumba lake. Ndipo asakhutire ndi amene abwera okha kudzayankhula. Afunefune amene sabwera ku msonkhano: wantchito wa m'nyumba amene sapatsidwa mpata Lamulungu masana, mlonda amene amagona usana, mayi amene alibe foni yolowera pa gulu, mlendo amene sanadziwe bwino chinenero.

Membala nayenso ali ndi mbali yake. Kupereka maganizo ndi udindo, ndipo wokhala chete pa msonkhano n'kukalankhulira panjira wabera gulu nzeru zake. Koma poyankhula adzifunse ngati akupempha zokomera onse kapena zokomera iye yekha. Pa mavoti a m'masewera aja, madandaulo amamveka kawirikawiri akuti anthu amakana chinthu chifukwa choti chithandiza gulu lina la osewera limene iwo salikonda. Mtima womwewo ungalowe pa zokambirana za tsiku la chikondwerero cha parishi, za ndalama zosonkha pa maliro, kapena za chiwongoladzanja mu banki mkhonde, pamene amene ali nazo amachuluka mawu kuposa amene amakongola.

Miphakati, imene inazika mizu mu dayosizi ya Lilongwe pa sinodi yaing'ono ya 1973 mpaka 1975 m'nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, inakhazikitsidwa kuti mkhristu wamba akhale ndi malo oyankhulirapo ndi kumvedwa. Sinodi imene Papa Francis anatsegula mu Okutobala 2021 ndi kutseka mu Okutobala 2024 inabwereza chiitano chomwecho ku Mpingo wonse, ndipo Papayo anakumbutsa kangapo kuti sinodi si nyumba ya malamulo yongopikisana mavoti, koma kumvetserana pamodzi pofuna kudziwa chimene Mzimu Woyera akunena.

Kampani ya masewera inaphunzira kufunsa chifukwa inaopa kutaya makasitomala. Akhristu ali ndi chifukwa chachikulu kuposa chimenecho, popeza aliyense wokhala pa benchi la m'tchalitchi anabatizidwa ndi ubatizo umodzi. Pa msonkhano wotsatira wa mphakati kapena wa bungwe, manja akakwezedwa ndi kuwerengedwa, pakhale wina wofunsa kuti ndani sanabwere, ndipo lamuloli limugwera bwanji.