Kodi Kumvera Chifukwa cha Mantha Ndiko Kuphunzira?

Ku Ulaya kavalo wa mpikisano wodumpha amayamba kukweredwa ali ndi zaka 3 kapena 4. Mphunzitsi wodziŵa ntchito yake sathamangira mpanda wautali ayi. Amayamba wagoneka mitengo pansi kuti kavaloyo aziilumpha poyenda. Pakapita masabata angapo amapingasa mitengo iŵiri ngati mtanda, kuti nyamayo izoloŵere kudumphira pakati. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekhaku kuli ndi zifukwa zake. Mafupa a msana wa kavalo sakhwima kufikira atakwanitsa zaka 5 kapena 6. Komanso maso ake ali m'mbali mwa mutu, kotero kuti pamene akunyamuka sachionanso bwino chotchinga chimene chili kunsi kwa mphuno yake. Amadumpha podalira zimene anaona poyandikira, ndiponso munthu amene ali pamsana pake.

Koma ilipo njira yachidule. Kavalo ali m'malere, munthu woima pambali amatukula mtengo wapamwamba kuti um'gunde miyendo. Ulendo wotsatira kavaloyo amapinda miyendo kwambiri poopa ululu. M'chaka cha 1990 zithunzi za kanema zinaonetsa mchitidwe umenewu pakhola la Paul Schockemöhle wa ku Germany, katswiri amene anapambana mpikisano wa ku Ulaya mu 1981, 1983 ndi 1985. Anthu ambiri anaipidwa nazo. Malamulo a FEI, bungwe loyendetsa maseŵera a akavalo padziko lonse, amaletsa njira imeneyi.

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo zawo, ndipo si bwino kuzinyoza tisanazimve. Amati ululu wake ndi wa kanthaŵi kochepa, ndipo kavalo wogwetsagwetsa mitengo amagulitsidwa motchipa, mwina kwa mbuye wankhanza koposa. Tsono choipa n'chiyani ngati nyamayo yaphunzira?

Ine ndikuona kuti choipa chachikulu si ululuwo koma bodza. Kavaloyo anayesa bwino kutalika kwa chotchinga, nadumpha molondola, koma analangidwa ngati walakwa. Chilango cholungama chimaonetsa wolakwa pamene waphonya. Ichi chimasokoneza amene sanaphonye. Taganizani za mphunzitsi amene amathetha yankho lolondola pofuna kuti wophunzira alimbikire koposa. Mwina mwanayo adzakhozadi mayeso, koma sadzakhulupiriranso nzeru zake, ngakhalenso cholembera chofiira cha mphunzitsiyo. Chimene waphunzira si masamu ayi, koma kuti pena paliponse pangabisale mkwapulo. Kavalo wotere kaŵirikaŵiri amayamba kudumpha monyanyira, ndipo ena amafika pokaniratu.

Zimene zinachitika pa maseŵera a Olympic ku Tokyo mu 2021 zikutiunikira mbali ina. Pa mpikisano wa maseŵera asanu, opikisana ankapatsidwa akavalo mwa maere, ndi mphindi 20 zokha zoti azoloŵerane. Kavalo wotchedwa Saint Boy anakana kudumpha. Wokwera wake, Annika Schleu, anam'kwapula misozi ili mbwembwembwe, ndipo mphunzitsi wake, Kim Raisner, anamenya nyamayo ndi nkhonya, nachotsedwa pa maseŵerawo. Zitatero, akuluakulu anagamula zochotsa akavalo mu mpikisanowo akatha maseŵera a ku Paris a 2024. Mkwapulo unalipo, koma chikhulupiriro cha nyama sichimangidwa m'mphindi 20.

Latsala funso lovuta koposa. Ngakhale mphunzitsi akhale wofatsa chotani, kavalo sanapemphe kuloŵa mpikisano, ndipo akakhala kutchire amakonda kulambalala chotchinga kusiyana ndi kuchidumpha. Ufulu wom'phunzitsa tautenga kuti? Yankho lokhutiritsa aliyense palibe. Komabe ngati munthu wasankha yekha ntchitoyi, woyamba kusintha ayenera kukhala iyeyo.

Ndi zimene anachita Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy amene anamwalira mu 1907. M'masiku ake okwera ankatsamira kumbuyo podumpha, uku akukoka zingwe ndi kupweteka kavalo kukamwa ndi kumsana. Caprilli anayamba wapenyetsetsa akavalo akudumpha okha, opanda munthu pamsana, naona mmene amatambasulira khosi. Sanaŵakakamize kusiya chibadwa chawo. Anaphunzitsa asilikali anzake kuŵeramira kutsogolo, kudzuka pang'ono pachishalo ndi kulekerera zingwe, ndipo umo ndi mmene okwera onse a mpikisano amadumphira kufikira lero.